Njerwa za pa Bwinja la Amayi

Beech Grove, Indianapolis
9 June 2023

Okondedwa achimwene a Sosten,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amalume ndi onse kumudziko. Ine kuno ndilipo, thupi lokha ndiye lili bwino. Ndati ndilembe kalata chifukwa pafoni timangopatsana moni, kenako mayunitsi atha, nkhani yeniyeni tisanaiyambe. Komanso mukamaseka mumamveka ngati amayi, ndiye ine mawu amandithera.

Munafunsa kuti sukulu yangayi ndi yotani yoti munthu wamkazi azipitako atavala majombo. Miyezi ino sitili m'kalasi. Tikukumba m'munda wa mzungu wina kunja kwa tawuni ino, pafupi ndi mtsinje. Pakati pa chimanga chake pali malo amene anthu akalekale anakonza ndi manja. Tangoganizani bwalo lathyathyathya, kukula kwake ngati la mpira wa manja la pasukulu pathu paja. Analizungulira ndi ngalande yakuya, ndipo dothi limene anafukulamo analiunjika kunja kwa ngalandeyo, nalonso kuzungulira ngati nkhata. Anangosiya kanjira kamodzi kolowera. Makala amene tinapeza pansi pa mtumbirawo anakawayeza, akuti motowo unayaka nthawi imene Aroma ankalamulira ku Yerusalemu, Aroma a m'Baibulo aja, osati a tchalitchi. Iwowo kuno sanafikeko, koma pamene Yesu ankabadwa uko, kuno anthu anali kalikiliki kusenza dothi m'madengu.

Sitikumba ngati adzukulu ayi. Timapala pang'onopang'ono ndi kampeni konga ka omanga nyumba, dothi lonse n'kulisefa. Pamene panali nsanamira mtengo unawola kalekale, koma dothi lake limaoneka lakuda, lozungulira ngati pansi pa kapu. Pamene pankayaka moto nthawi yaitali limafiira n'kuuma gwa. Tikapeza pofiira potero sitikumbapo, timayamba tajambula. M'mawa tisanagwire zida, mayi wina wa mtundu wa eni dziko lino akale amabwera kudzawaza fodya pansi. Ndimamuchitira nsanje, chifukwa iye ali pa dothi la makolo ake.

Chimene chikutizunguza mutu n'chakuti pakatipo palibe manda, palibe chuma. Tangopezapo pamoto pamodzi basi. Ngakhale aphunzitsi athu sakudziwa chimene anthuwo ankatchinjiriza. Munthu angavutike bwanji chonchi kuzinga malo opanda kanthu?

Madzulo mnzanga Tiffany amanditsitsa pakhomo, galimoto n'kupita, basi mpaka mawa osamvanso dzina langa. Msewu wathu uno anthu sayenda pansi. Loweruka ndinakwera basi mpaka ku Lafayette Road kukagula ufa, ndipo ndinazungulira m'sitolo monse kumvetsera ngati wina angayankhule Chichewa. Ndinabwerako ndi ufa wokha.

Tsopano ya kwathu. Munati nyumba ya amayi inagwa ndi mvula ya mu March. Chiyambire ntchito ino ndimangoilota. Chonde bwinjalo mundisungire. Maliro awo sindinawaone, dothi sindinaponye, ndipo poti ndidzakhale pansi n'kulira ndi pomwepo basi. Mundiuzenso ngati mtengo wa papaya wa kuseri uja ulipo.

Ndine mlongo wanu,
Akuzike


Linthipe, Dedza
18 July 2023

Mlongo wanga Akuzike,

Moni. Kalata yako andipatsa ahedi dzana, inakhalitsa m'bokosi la pasukulu. Kuno tili bwino, kungoti amalume miyendo ikuwavuta. Papaya alipo, koma ana a Joan wa amayi aang'ono samulola kupsa.

Ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndege yonse ija, mapepala onse aja, kukasefa dothi! Ukanandiuza ndikanakupatsa sefa ya amayi, dothi kuno lilipo laulere. Komabe ndawerenga kawiri, ndipo za dothi lofiira zija zandikhala mumtima.

Ukamaimba foni osandipeza usade nkhawa. Inagwera m'dzenje ndikuponda matope, ndinaipeza ndi phazi. Yatsala pamudzi pano ndi ya amuna a Joan, ndipo ukudziwa kuti zolowa mmenemo zimatulukira kuchigayo. Akamabwera wina wa kumeneko, ngakhale kafoni kakale kangandithandize.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Ankhoswe anakumana, ndipo Chiyamiko wa kwa Mayani uja ndikumukwatira. Mvula ikamayamba ndikhala nditapita ku chikamwini. Mwambo wathu ukuudziwa, mwamuna sakalambira pamudzi pa amake. Kumeneko akudikira kuti aone ngati mkamwiniyu amatha kumanga nyumba kapena amangotha kudya.

Nanga ndikachoka, pamalo a amayi patsala ndani? Joan wa amayi aang'ono wayamba kale kupayeza ndi maso. Akuti malo opanda nyumba ndi munda, ndipo mwini wake anakwatiwa ndi Amereka.

Pabwinja ndayamba kuumbapo njerwa. Dothi la zipupa zakugwa zija ndi labwino kwambiri, silifuna mchenga. Chikombole ndabwereka kwa a Mervin oumba njerwa aja. Zambiri ndidzakuuza zikaoneka mutu wake, paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Uzivala zofunda. Akuti kumeneko kumazizira kuposa kuno ku Dedza, ngakhale ine sindikhulupirira.

Mlongo wako,
Sosten


South Bend
12 August 2023

Akuzike mwana wanga,

Uli bwanji? Ine ndi atsibweni ako tilipo, msuweni wako Belinda naye ali bwino. Ndakuimbira, ndakutekisita, iwe zii. Akuti kumunda kwanuko kulibe netiweki, ndiye ndati kalata ino ndiiponye mu phukusi la usipa ili, mwina usipa ndiye uutsegula.

Ndikulemba ndili pa buleki, ndachita dabulo shifiti sabata yonse, ndiye sindizungulira. Joan wanditumizira voisi noti yaitali. Akuti Sosten wakumba pabwinja pa amayi ako ponse, pakuoneka ngati pomwe anafukula mbewa. Njerwa zangoti mbwee pabwalo. Ndiye akuti Lachiwiri kunabwera ngolo ya kwa Mayani, kwawo kwa mkazi uja, alamu ake awiri ali pamwamba. Ngolo imabwera kudzacheza? Iwe ndiwe wa sukulu, uwerengere wekha. Ine ndine mlongo wa malemu bambo ako, za malo a kuchikazi kwanu sindilowerera, koma sindingaone mwana akuberedwa ine n'kukhala chete. Anyamata akakonda mkazi amatha kusamutsa ngakhale chulu.

Chachiwiri. Kutchalitchi kuno amandifunsa kuti mwana munamuitanitsa uja akupanga chiyani. Ndiziti chiyani? Akukumba m'manda mwa eni? Ukuti si manda, chabwino, koma za anthu akufa ndi za anthu akufa basi. Anzako amene unabwera nawo anaapulaya nesing'i, pano akudiraiva magalimoto awo. Iwe uli wekhawekha ku Beech Grove, kulibe ndi Mmalawi mmodzi yemwe woti angakugogodere utadwala. Bwera kuno. Chipinda cha pansi chilipo, Belinda angasangalale, mwinanso angayambe kuyankha m'Chichewa m'malo mondiyang'ana ngati ndikuyankhula malilime.

Wikendi ya Malawi pikiniki usajombe. Usipawo uuviike kaye, uli ndi mchenga.

Azakhali ako,
Magdalene


Beech Grove
19 August 2023

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa ndi mwambo. Kalata yanu ndi ya azakhali a Magdalene zafika sabata imodzi, ndipo ndaziyala pamodzi patebulo. Inu mukuti kwa Mayani akudikira nyumba. Mukutinso pabwinja mukuumbapo njerwa. Azakhali akuti ngolo ya kwa Mayani yayamba kale kubwera. Ndiye zambiri zimene mukuti mudzandiuza ndi ziti?

Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha. Chimodzi! Kuno ine ndimagwada tsiku lonse padzuwa kusamala pamoto pa anthu amene sindidziwa ngakhale dzina lawo, kuopa kuti kampeni kangakande, pamene kwathu mlongo wanga akuponda nyumba ya amayi ndi mapazi kuti akasangalatse apongozi. Dothi latha kwa Mayani? Zipupa zimenezo amayi anazitsutsuta ndi manja awo chaka ndi chaka. Inu munawaika m'manda, munalira, munameta, zanu zinatha. Ine zanga sizinayambe n'komwe, ndipo pomwe ndimati ndidzayambire mwapasandutsa dzenje.

Simunandifunse chifukwa mukuganiza ngati Joan, kuti ndinakwatiwa ndi Amereka. Ndikuuzeni, kuno ndilibe kanthu. Chipinda ndi cha eni, bedi ndi la eni, dothi limene ndimasefa ndi la eni. Changa padziko lonse lapansi ndi bwinja limenelo.

Malowo ndi anga, mwambo mukuudziwa kuposa ine. Mawu anga ndi awa, ndipo muwawerengere amalume kuti akhale mboni. Pamalo a amayi pasachitike chilichonse. Pasakumbidwe, pasawotchedwe, pasamangidwe, pasachoke ngakhale njerwa imodzi mpaka ine nditabwera. Chikombolecho mubweze kwa a Mervin.

Ukwati wanu ndaumva. Mulungu akudalitseni.

Akuzike


Linthipe
24 August 2023

Mlongo wanga Akuzike,

Moni wa chisangalalo. Sindikudikira yankho la kalata yanga ija, chifukwa mtima ukundikankha. Tonse tili bwino, amalume ayamba kuyenda ndi ndodo mpaka kumsika.

Tsopano zaoneka mutu wake, ndikuuze. Ndinapita kwa amalume ndekha. Ndinati, Joan akuti malo opanda nyumba ndi munda, nanga patakhala nyumba? Iwo anati ngati pofika nthawi yodzala paima nyumba ya Akuzike, ngakhale ya chipinda chimodzi, palibe amene adzalowetsepo khasu. Ndiye njerwa zija ndi zako, mlongo. Ndinakubisira chifukwa ndinkaopa kulonjeza ndisanaone ngati dothi likwana. Lakwana, mpaka latsalako.

Ndinaganiza kuti m'malo motenga dothi kudambo, nyumba yako ikhale ya dothi lomwe lija tinakuliramo. Ukadzatsamira chipupa udzakhala watsamira cha amayi. Njerwa zauma bwino, ndazisanja kuzungulira dzenje. Chatsala ndi kumanga uvuni n'kuwotcha. Alongo ake a Chiyamiko anabweretsa nkhuni ngolo yathunthu, osalipiritsa. Akuti mkamwini wosamala mlongo wake adzasamalanso wawo. Ya kwa Mayani ndidzamanga chaka chamawa, chaka chino tiyamba tagona m'khitchini mwa apongozi, ndipo Chiyamiko wavomera ngakhale akunditcha wopusa.

Koma imva izi. Ndikukumba pakati penipeni, pomwe panali khitchini, khasu linangoti ngwe. Nditapala ndi manja ndinapeza dothi lofiira, louma gwa, monga momwe unalembera muja. Pambali pake mafuwa awiri, lachitatu sindinalione. Ndinakhala pansi, mlongo. Zaka zonse zija amayi akusonkha moto pamenepo m'mawa uliwonse, ife tikukanganirana mbatata yootcha, dothi linasunga. Ndinakumbuka kuti inu a sukulu mukapeza potero simukumbapo. Ndiye nanenso ndapasiya. Ndakumba mozungulira, pakatipo ndasiya osakhudza, ndi kanjira kamodzi kodutsira wilibala. Nyumba ndidzaimanga chakumpoto, khomo lake kuyang'ana pamenepo.

Undiuze ngati ukufuna zenera limodzi kapena awiri. Uyankhe msanga, ndikufuna kuwotcha kumayambiriro kwa October.

Mlongo wako,
Sosten


Beech Grove
29 September 2023

Achimwene anga a Sosten,

Mayo ine! Kalata yanu ya pa 24 August ndaipeza lero m'bokosi. Ndaiwerenga nditaimirira pamasitepe, kenako ndinangokhala pansi. Mayi wa nyumba ino anandipeza nditakhala pomwepo n'kundifunsa ngati kwathu kwagwa maliro.

Pali kalata ina imene ndinakulemberani mu August. Ngati sinafike, ikafika musaitsegule, muiponye pamoto. Ngati yafika, achimwene, ndikugwada. Ndinamva za ngolo kwa azakhali, iwo anamva kwa Joan, ine n'kulumikiza ndekha m'chipinda muno mopanda wondifunsa kuti kodi mlongo wakoyo unayamba wamuonapo akuba? Munthu ukakhala wekha nthawi yaitali, maganizo oipa amakula ngati bonongwe pa khola. Sindikudziikira kumbuyo. Ndinakulakwirani.

Mawu onse aja ndawabweza. Wotchani njerwazo. Mangani. Amalume muwauze kuti nyumbayo ndikuifuna, ndikuifunitsitsa. Zenera limodzi likwana, loyang'ana pamoto pa amayi.

Ndayesa nambala yanu mwina munakonzetsa foni, siikulowa. Ndaimbira amuna a Joan, wayankha Joan mwini wake. Ndamuuza kuti akuuzeni mawu amodzi okha, akuti pitirizani. Wati akuuzani madzulo ano. Azakhali ndawaimbiranso, angoti iwo ananena zimene anamva.

Kuno ntchito ya kumunda yatha. Dzulo tinakwirira maenje onse, dothi lililonse kubwerera pomwe linachoka, pamwamba n'kudzala udzu. Mayi wa fodya uja anabwera kudzatsazika. Anandifunsa kuti kwanu ndi kuti, ndipo nditamuuza anati, uli ndi pobwerera? Ndinati eya, mlongo wanga akundisungira. Ndinanena choncho dzulo ndisanaone kalata yanu, mkwiyo udakali mumtima, koma pakamwa panatuluka zoona.

Ndiyankheni, ngakhale mzere umodzi.

Mlongo wanu wopusa,
Akuzike


Mayani, Dedza
10 December 2023

Mlongo wanga Akuzike,

Moni. Ndili kuno kwa Mayani tsopano, ine ndi Chiyamiko tili bwino. Ukwati unayenda bwino, mpando wako tinakusungira mpaka anakhalapo mwana. Kalata yako ya mu September yandipeza sabata yatha. Inafikira pasukulu ku Linthipe ine nditachoka kale, ndipo ahedi anaipatsira munthu wa njinga amene anayamba wakagona nayo kwawo.

Ya mu August ija ndiyo inafika bwino. Ndinailandira kumapeto kwa September, uvuni nditayamba kuyala mzere wapansi. Sindibisa, inandipweteka. Ndinayenda nayo m'thumba osauza munthu. Ndinaganiza zoing'amba n'kupitiriza, poti ndinkadziwa kuti sunamvetse. Koma unalemba kuti malo ndi ako, ndipo ndi zoona. Mwamuna akayamba kusankha mawu a mlongo wake oti amvere ndi oti ataye, mawa adzagulitsa munda n'kunena kuti ankamuthandiza. Ndiye ndinakawawerengera amalume monga unanenera. Za apongozi zija ndinadumpha. Amalume anati, mwini wake wakana nyumba, ife tingamukakamize? Chikombole ndinabweza kwa a Mervin tsiku lomwelo. Nkhuni alamu anga anadzatenganso, ndipo panjira sanandiyankhule.

Za foni ndamufunsa Joan. Akuti unaimbadi, koma mawu ankaduka, anangomva moni.

Ndinadikira mwezi wonse wa October kuti mwina kalata yanga ikakupeza ubweza mawu. Tsiku lililonse ndinkadutsa kwa ahedi mpaka anayamba kundiseka. Njerwa ndinazifunditsa udzu, koma njerwa yosawotcha ndi dothi basi. Mvula yoyamba inagwa usiku wa ukwati wathu, ndipo inagwa sabata yathunthu.

Nthawi yodzala itakwana amalume anagamula. Joan walima kuyambira pa papaya mpaka kumsewu, ndi kuseri konse kumene kunali nkhokwe. Chimanga chake chamera bwino. Usamude kwambiri, ana ali nawo asanu ndipo munda wake ndi wamiyala.

Lamulungu lapitali nditawerenga kalata yako ndinapalasa njinga kukaona. Njerwa zonse zasungunuka pomwe ndinazisanja, zasanduka mtumbira umodzi wozungulira, udzu wayamba kumerapo. M'dzenje muja mwadzaza madzi, achule akuimbamo. Pakati pokha ndi pouma. Dothi lofiira lija mvula yalitsuka, likuoneka bwino kuposa kale, ndi mafuwa awiri aja ali pomwepo. Pamenepo Joan sanafikepo, khasu silingawoloke madzi, ndipo amalume anena pamaso pa onse kuti mkati mwa mtumbiramo ndi mwa Akuzike. Si pakakulu. Mphasa imodzi ingakwane, ukaiyala mopingasa.

Ndinaima pamtumbirapo nthawi yaitali, ndipo ndinakumbuka funso lako lija la anthu a nthawi ya Aroma, loti munthu angavutike bwanji kuzinga malo opanda kanthu. Ine sukulu ndinalekezera panjira, sindingawayankhe aphunzitsi ako. Koma ukawauze kuti asamafulumire kunena kuti panalibe kanthu.

Wapepesa, ndamva, ndipo nkhani yatha. Pepani sapoletsa chilonda, koma ndiwe mlongo wanga, ndilibe wina. Chaka chamawa sindingaumbenso kumeneko, ndili ndi nyumba ya eni yoti ndimange kuno. Ndizipitako pakanthawi kukazula udzu.

Kanjira ka wilibala kaja mvula inayamba kukadya m'mbali. Ndathirako miyala ndi kupondaponda, kuti tsiku limene udzabwere usadzavule nsapato polowa kwanu.

Mlongo wako,
Sosten